Walira Mvula Walira Matope: Mbiri ya Mpikisano wa Paris–Roubaix

Mwezi wa Epulo ukangolowa, pamene kwathu kuno mvula imakhala ikutsazika ndipo chimanga chikuuma m'minda, anthu okonda mpikisano wa njinga zakapalasa ku Ulaya amayamba kuyang'ana kumwamba monga alimi a m'mwezi wa Novembala, kupempha kuti Lamulungu la mpikisano wa Paris–Roubaix kudzagwe chimvula. Ndipo mukawafunsa chifukwa chake, adzakuyankhani mosajejema kuti mpikisano umenewu ngwa matope chiyambire, kuti makolo ake anaupalasa thope lili kumaso, ndi kuti mvula ndi matopewo ndizo zinaupatsa dzina loopsa lija la Gehena wa Kumpoto. Mawuwa ndawamva kawirikawiri, ngakhale kwa anyamata athu amene amaonera mpikisanowu pa kanema; koma ine ndimawakayika ndithu, pakuti zolembedwa zikunena zina, ndipo nkhani ikayenda pakamwa zaka zambiri imanona kuposa mmene inabadwira.

Chiyambi chake n'chachifupi kuchinena. Mumzinda wa Roubaix, kumpoto kwa France, kufupi ndi malire a Belgium, kumene anthu ankadya thukuta la m'mafakitale oomba nsalu, munali amuna awiri achuma, Théodore Vienne ndi Maurice Perez, amene anamanga bwalo lothamangitsiramo njinga. Ndipo pofuna kuti bwalo lawolo limveke kutali, anakapempha nyuzipepala ya Le Vélo ku Paris kuti iwathandize kukonza mpikisano wa tsiku limodzi wochokera kumeneko kudzathera pakhomo pawo. Akuti mtolankhani Victor Breyer, amene anatumidwa kukazonda njira, anapalasa kuchokera ku Amiens m'mvula yozizira ndi mphepo, nafika ku Roubaix ali litsiro lokhalokha, atalumbira kuti akaletsa zonse. Koma atasamba, nadya, namwa pamodzi ndi eni mudzi, mtima wake unatsika. Pa 19 Epulo 1896 mpikisano unachitika, mtunda wa makilomita 280, ndipo anapambana ndi Josef Fischer wa ku Germany. Zaka ziwiri zotsatira zinali za Maurice Garin, yemwe anadzapambananso Tour de France yoyamba mu 1903. Miyala ya mumsewu ija, imene lero ikulemekezedwa ngati chuma cha makolo, panthawiyo panalibe woifuna dala. Misewu ya kumpoto inali yotero basi, yoyalidwa ndi zibuma za mwala kuti ngolo za alimi ndi za malasha zisamatitimire.

Tsono dzina la Gehena linadza ndi nkhondo. Mpikisano unaima kuyambira 1915 kufikira 1918, ndipo pamene unabwerera mu 1919, ngwazi ziwiri zimene zinaupambanapo zinali zitafera kunkhondoko: Octave Lapize, amene anautenga katatu motsatizana mu 1909, 1910 ndi 1911, ndi François Faber, wopambana wa mu 1913. Okonza ndi atolankhani amene anapita kukaona ngati msewu ulipobe anapeza dziko lopasuka monga la m'masomphenya a aneneri: midzi itasanduka mabwinja, mitengo itapserera n'kutsala zitsa, minda itadzala maenje a mabomba, ndi mitanda ya manda m'mbali mwa njira. Chimenecho ndicho anachitcha gehena, ndipo mvula inalibe mbali m'menemo.

Chimene chinafuna kuupha mpikisanowu pambuyo pa nkhondo yachiwiri ndi chinthu chimene ife kuno timachipempha usana ndi usiku, ndicho phula. Dziko litayamba kulemera, akuluakulu a m'midzi anachita manyazi kuti alendo ndi makamera aziona misewu yawo ya miyala ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo paliponse pamene njinga zinadutsa chaka chino, chaka chamawa panapezeka msewu wosalala. Sitingawadzudzule, pakuti mayi wopita kuchipatala sasamala za ulemu wa opalasa njinga. Koma chotsatira chake chinali chakuti mu 1964 Peter Post wa ku Netherlands anapambana pa liwiro la makilomita oposa 45 pa ola, ndipo Gehena uja anayamba kufanana ndi mpikisano wina uliwonse. Pamenepo okonza anatuluka kukasakasaka miyala m'njira za kuminda, kumene phula linali lisanafike. Poyambira panasunthidwa kumka ku Chantilly mu 1966, kenaka ku Compiègne mu 1977, kotero kuti Paris anatsala m'dzina mokha. Ndipo Jean Stablinski, katswiri wa dziko lonse wa mu 1962, amene paunyamata wake anakumba malasha mumgodi wa ku Arenberg, anawalozera kanjira kowongoka ka makilomita oposa 2 kodutsa m'nkhalango ya komweko, kamdima, kachinyezi, kokhala ndi miyala yotalikiranatalikirana ngati mano a nkhalamba. Kanjirako kanalowa mumpikisano mu 1968, chaka chimene Eddy Merckx anapambana koyamba. Lero mwa makilomita pafupifupi 260, makilomita ngati 55 ndi a miyala, ogawidwa m'zigawo pafupifupi 30, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa nyenyezi monga mwa nkhanza zake. Masautso a mpikisanowu, titero, ngosankhidwa ndi manja a anthu ndi kusamalidwa ngati dimba.

Zaka za matope zinalipo, sindikukana. Sean Kelly mu 1984, Marc Madiot mu 1985, Andrei Tchmil mu 1994 ndi Servais Knaven mu 2001 onse analowa m'bwalo la Roubaix maso okha ali mbee pankhope yakuda bii. Mu 1998 Johan Museeuw wa ku Belgium anagwa ku Arenberg naphwanya bondo, ndipo bala linavunda kufikira madokotala anaganiza zodula mwendo. Koma mu 2000 anapambana, natukula mwendo womwewo pamzere, kuuloza ndi chala, ndipo mu 2002 anapambananso m'matope. Apa mpamene ine ndikuona kuti zinthu zinapotoka. Chithunzi cha munthu wokutidwa ndi thope chimakhalitsa pakhoma kuposa cha munthu wotuwa ndi fumbi, ndipo chikasindikizidwa kambirimbiri, anthu amaiwala zaka zambiri zouma zimene zili pakati pa chithunzi ndi chinzake, nayamba kuyesa kuti mpikisano wopanda mvula ngwabodza. Akulu anati walira mvula walira matope. Koma kuno olira mvula amakhala ali pampando m'nyumba yofunda, ndipo oponda matopewo ndi ena.

Chitatha chaka cha 2002 kumwamba kunatseka zaka 19. Tom Boonen, amene anamaliza wachitatu m'matope a chaka chimenecho akali mnyamata, anadzapambana kanayi, ndipo Fabian Cancellara katatu, onsewo m'fumbi; mbadwo wathunthu wa opalasa unakula, nukalamba, nupuma, osalawa Gehena wonyowa amene aliyense ankamusimba. Mvula itabwera, inabwera ndi mliri: Covid-19 inalepheretsa mpikisano wa mu 2020, ndipo wa mu 2021 unachotsedwa mu Epulo n'kuikidwa koyambirira kwa Okutobala, nyengo yachilendo kwa opalasa.

Loweruka pa 2 Okutobala, patapita zaka 125 chiyambire, amayi anapalasa msewu umenewu kwa nthawi yoyamba, makilomita 116 kuchokera ku Denain. Lizzie Deignan wa ku Britain analowa chigawo choyamba cha miyala ali patsogolo, ndipo potembenuka anapeza kuti anzake atsala. Anapitirira yekhayekha makilomita oposa 80, tayala lakumbuyo likutsetsereka uku ndi uku pa miyala yonyowa, ena akugwa mulu kumbuyo kwake, ndipo anafika ku Roubaix manja atang'ambika, magazi ali pa mahandulo, Marianne Vos akumulondola koma osamupeza.

Usiku umenewo mvula sinakate, ndipo m'mawa wa Lamulungu amuna ananyamuka ku Compiègne ikugwabe, makilomita 257.7 ali patsogolo pawo. Wofuna kumvetsa tsikuli adziwe mmene msewu wa miyala unapangidwira. Pakati pake m'potukuka ngati msana wa ng'ombe, ndipo m'mbali mwake mawilo a mathirakitala anakumba ngalande. Kukakhala kouma, opalasa amathawira m'mbalimo, m'kanjira ka dothi kosalala, kuti manja apumeko. Koma mvula ikagwa, ngalandezo zimasanduka zithaphwi zobisa maenje ndi nsonga za miyala, ndipo njira imatsala imodzi yokha, pamsana penipeni, pamene dothi lochokera m'minda limaterera ngati therere. Pamenepo munthu sagwira mabuleki, pakuti wogwira mabuleki wagwa kale. Sakhota mwadzidzidzi, safinya mahandulo, koma amapalasa giya yolemera ali chikhalire, naisiya njinga kuti idzisankhire poponda. Wa kumbuyo amamwa thope lonse lotayidwa ndi tayala la mnzake. Magalasi a m'maso amadetsedwa kufikira awavule, ndipo akawavula, mchenga umalowa m'maso. Tcheni chimalira ngati chikupera chimanga. Ndipo galimoto yonyamula njinga zosinthira imakhala itatsekerezedwa kutali m'kanjira kopapatiza, kotero kuti tayala likaphwa, munthu amaima pamvula kudikira ngati mwana wamasiye. Aliyense amene anapalasapo njinga m'dothi la makande mu Febuluwale akudziwako mbali ya zimenezi, kungoti iye amatsika n'kukankha, pomwe awa amathamanga pa liwiro la galimoto.

Gianni Moscon wa ku Italy anathawa yekha kutatsala makilomita ngati 50, ndipo anatsogola ndi mphindi yoposa imodzi, kotero kuti ambiri anayesa kuti nkhani yatha. Koma tsoka silinunkha: kutatsala makilomita ngati 30 tayala lakumbuyo linaphwa, anasintha njinga, ndipo posakhalitsa njinga yatsopanoyo inamutaya pansi m'thope. Anadzuka napitirira, koma pa Carrefour de l'Arbre, chigawo chotsiriza cha nyenyezi 5, amuna atatu anamupeza namupitirira: Sonny Colbrelli wa ku Italy, Mathieu van der Poel wa ku Netherlands, ndi mnyamata wa zaka 22 wa ku Belgium, Florian Vermeersch, amene anali patsogolo kuyambira m'mawa. Chodabwitsa n'chakuti mwa atatuwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atapalasapo mpikisano umenewu wa akuluakulu; zoonadi mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, pakuti mvula inafafaniza nzeru zonse zimene akale anazisonkhanitsa m'zaka za fumbi. Analowa m'bwalo atatu, osadziwika mtundu wa malaya awo, nazungulira kamodzi ndi theka. Vermeersch anayamba kuthamanga, Colbrelli anamupitirira pafupi ndi mzere, ndipo atatsika anatukula njinga yake kumwamba, nadzigwetsa paudzu akulira mokweza ngati mwana, atapalasa maola 6.

Colbrelli sanabwererenso ku Roubaix monga wopikisana. Mu Malichi 2022, atangomaliza wachiwiri pa tsiku loyamba la mpikisano wa Volta a Catalunya ku Spain, anakomoka mtima utaima. Anamutsitsimutsa pomwepo, madokotala anamuika kachipangizo koyang'anira mtima, ndipo chaka chomwecho anasiya kupikisana. Anaupalasa kamodzi, naupambana kamodzi, ndipo dzina lake lili pa kachitsulo m'zipinda zosambiramo zakale za konkire za pabwalopo, m'mene opambana onse amalembedwa.

Fumbi linabwerera, ndipo linabwera ndi liwiro loti akale sanalilote. Matayala anakula, mpweya wa m'kati mwake unachepetsedwa kuti azimeza miyala, ndipo Dylan van Baarle anapambana mu 2022 pa makilomita 45.8 pa ola, Van der Poel pa 46.8 mu 2023 ndi pa 47.8 mu 2024. Chaka cha 2024 chomwecho opalasa eni ake anapempha kuti asamalowe m'nkhalango ya Arenberg ali pa liwiro la makilomita ngati 60 pa ola monga kale, ndipo okonza anawaikira kona yakuthwa pakhomo pake kuti afike atafatsa. M'nkhalangomo, mmene dzuwa silifika bwino, udzu umamera m'mipata ya miyala n'kumaterera ngakhale kusanagwe dontho. Tsono masabata a mpikisano akayandikira, amabweretsamo mbuzi kuti zidye udzuwo.