Malo a ku Mulanje ndi Mapepala Ake: Kuyambira kwa Johnston Mpaka kwa Inu Muli ku Joni

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine. Ndine wamalonda wa pa msika wa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza, koma mbiri yakale ndinaikonda kuyambira ku sekondale. Ndasankha nkhani ya malo chifukwa mwezi sutha ndisanamve wina akuti mchimwene wake wa ku Joni kapena ku Ireland watumiza ndalama zogulira poloti kuno ku Mulanje. Ena zimawayendera. Ena amabwera pa Khirisimasi n'kupeza pa poloti pawo payima nyumba ya munthu wina, yofolera kale malata. Kuti mumvetse chifukwa chake malo kuno ndi nkhani yowawa chonchi, tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 130.

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, ndipo amene anatumidwa kudzalamulira anali Harry Johnston. Anapeza azungu amalonda, amishoni ndi alimi atagwira kale mapepala onena kuti anagula malo kwa mafumu. Mtengo wake? Nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mfumu inkadinda chala kapena kulemba kamtanda pa pepala lachingerezi lomwe sinkatha kuwerenga. M'maganizo mwa mfumuyo, inali kupatsa mlendo pokhala ndi polima monga mwa mwambo. M'maganizo mwa mzunguyo, anali wagula nthaka, mitengo, mitsinje, mpaka kalekale. Johnston anaunika mapepalawo n'kuyamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zinatuluka 59, zambiri pakati pa 1892 ndi 1894, ndipo zinakuta maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Mwa amenewa, maekala 867,000 anali m'mapiri a Shire, kumene kuli nthaka yabwino ndi mvula yokwanira. Munthu mmodzi yekha, Eugene Sharrer, anatenga maekala oposa 360,000. Mmodzi, abale.

Kuno ku Mulanje sizinangoyenda ndi pepala lokha ayi. M'chaka chomwecho cha 1891 Johnston anatumiza asilikali ochokera ku India kudzamenyana ndi mfumu ya Chiyao, Chikumbu, imene inkalimbana ndi azungu olima m'munsi mwa phiri. Mu 1893 anamanga linga la Fort Lister pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi. Mu 1891 momwemo Henry Brown anadzala tiyi woyamba kuno, mbewu yake yochokera ku mishoni ya Blantyre. Maina ngati Lauderdale ndi Thornwood, amene lero kondakitala wa minibasi amangokuwa ngati maina a midzi yathu, anayamba nthawi imeneyo.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. M'zikalata zambiri Johnston analembamo mawu akuti midzi ndi minda ya anthu amene anapezeka kale pa malopo isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Mawu okoma ndithu. Koma palibe amene anapita kukayeza kuti mudzi wakuti ukuthera pati, minda yake ndi maekala angati. Makolo athu ankalima malo zaka zingapo, nthaka ikatopa n'kusunthira pena. Atangosuntha, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha, tsopano ndinu alendo pa malo anga, lipirani lendi. Mu 1903 nkhani inafika kukhoti pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, yomwe inkalimanso ku Lauderdale. Woweruza Joseph Nunan anagamula mokomera anthu akuda, kuti eni nthaka oyambawo asalipitsidwe lendi. Chigamulo chinalembedwa bwinobwino, koma pa esiteti zinthu sizinasinthe kwenikweni, chifukwa amene anali ndi mapu ndi mabikoni anali mzungu, pamene wakuda anali ndi mawu apakamwa basi.

Kenaka kunabwera Alomwe, makolo a ambiri a ife, kuthawa nkhanza ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi ku Mozambique. Ankawoloka Ruo ndi Muloza m'magulumagulu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Iwowa mawu a Johnston aja sankawakhudza n'komwe poti sanapezeke pa malopo poyamba. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa tiyi amafuna manja ambiri. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana kumunda, anasanduka dzina la goli. Mwezi umodzi ugwire ntchito ya lendi, mwezi wina ya msonkho, ndipo wowerenga masiku a mweziwo ndi kapitawo, osati iwe. Komanso ankakufuna nthawi ya dzinja, pamene munda wako ukufuna kupalira. Thangata yemweyu ndi amene anakolezera moto wa John Chilembwe mu Januwale 1915 pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo m'busayo anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho m'dera lomwe nthawi imeneyo linali boma la Mulanje, akulowera ku Mozambique.

Zotsatira ndizidutsa mwachangu. Lamulo la 1928 linafafaniza kusiyana kwa eni nthaka oyamba ndi obwera, onse anakhala olipira lendi, ndipo mwini esiteti analoledwa kuthamangitsa mabanja okwana limodzi pa khumi alionse pakatha zaka zisanu. Mu 1946 Sidney Abrahams anatumidwa kudzafufuza, ndipo analangiza kuti boma ligule malo a esiteti osagwiritsidwa ntchito n'kukhazikapo anthu. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe zinafalikira m'maboma oyandikana, anthu 11 n'kufa. Thangata anathetsedwa mu 1962. Boma linagula malo ambiri ndithu, koma minda ya tiyi ya Mulanje ndi Thyolo inatsala momwemo, poti inali yolimidwa kale ndipo inkabweretsa ndalama zakunja.

Ufulu wa 1964 sunang'ambe mapepala a Johnston. Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: ya boma, ya anthu kapena makampani okhala ndi zikalata, ndi ya mafumu. Zikalata zakale zija zinalowa m'gulu lachiwiri n'kupitirira. N'chifukwa chake ukakwera galimoto kuchoka pa Chitakale kupita ku Muloza umaona tiyi wobiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri, pamene m'mphepete mwake midzi yapanikizana ngati machesi m'bokosi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino. Pakati pa 2004 ndi 2011 panali pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ya thandizo la World Bank, imene inakhazika mabanja pafupifupi 15,000 pa malo atsopano, ambiri ochokera kuno ndi ku Thyolo kupita ku Machinga ndi Mangochi. Tangoganizani, kuti munthu apeze mahekitala awiri anayenera kusiya manda a makolo ake. Ndipo mukukumbukira Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation, amene anafika polengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha, mpaka kumangidwa. Ambiri tinaseka, inenso ndinaseka nawo pamsika, koma njala ya malo imene inamupatsa omutsatira si yoseketsa.

Tsopano kwa inu muli kunja. Kale mwini malo wokhala kutali anali mzungu wa ku Glasgow kapena ku London. Lero wokhala kutali ndi inuyo, kungoti mzunguyo anali ndi loya ndi mapu, inu muli ndi msuweni ndi WhatsApp.

Choyamba kudzifunsa n'chakuti, pamaso pa lamulo, ndinu Mmalawi kodi? Musaseke. Malamulo atsopano a malo anakhazikitsidwa mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo kukonzanso kumeneko kunatseka khomo logulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya dziko lino, kupatula njira zapadera za obweretsa mabizinesi akuluakulu. Kale Mmalawi akatenga unzika wa dziko lina ankataya wa kuno. Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018, koma ngati munataya wanu zisanatero, subwerera wokha, muyenera kukapempha ku nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Muli ku South Africa, yambirani ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Ngati munakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya kumeneko, dzina lolembedwa pa malo likhale lanu, ndipo ana anu obadwira kunja muwakonzere mapepala a unzika mukadali moyo.

Chachiwiri ndi funso lomwe Johnston sanalifunse mokwanira: wogulitsayo, malowo ndi akedi? Kuno kwathu ndi kwa chikamwini. Munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, amalume. Mwamuna wokwatira pamudzi ndi mkamwini, angalime munda zaka 30 koma si wake. Tsono inu mukatumiza ndalama kwa bambo wina chifukwa wakuonetsani munda pa vidiyo, atavala jekete, mfumu ili pambali, dziwani kuti alongo a mkazi wake akhoza kutulukira chaka chamawa. Mayi wina amene ndimapikula naye nanazi anandiuza za mlongo wake wa ku Cape Town amene anagula malo motero. Wogulitsa atamwalira, mbumba yonse inabwera n'kunena kuti malemuwo anali mlendo pamudzi. Kalata yokhala ndi chidindo cha nyakwawa inalipo, koma maina a eni mbumba munalibemo. Njerwa zake zikadali pomwepo, zamera udzu.

Chidindo cha mfumu pachokha si chikalata cha umwini. Lamulo la 2016 linabweretsa makomiti a malo pa gulupu aliyense: wapampando ndi gulupuyo, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Kudzera m'komiti imeneyi banja kapena munthu angalembetse malo a makolo n'kulandira chikalata. Ntchitoyi inayesedwa koyamba ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo ikufalikira pang'onopang'ono, sinafike paliponse. Komanso malamulo omwewa amaletsa kugulitsa malo a makolo mwachisawawa ngati mmene timagulitsira tomato. Ndiye musanatumize ngakhale tambala, munthu wanu apite ku ofesi ya za malo kwa DC pa boma akafunse ngati malo amenewo akuloledwa kusinthana manja, ndi njira yake.

Ngati akukuuzani kuti malowo ali ndi lizi, apo ndiye zophweka, koma musakhulupirire fotokope. Tengani nambala ya chikalatacho, loya wanu akafufuze m'kaundula ku ofesi ya za malo ku Blantyre: dzina la mwini ndi lomwelo? Malowo sanaikidwe chikole ku banki? Palibe wina waikapo chiletso? Lendi ya pachaka ya ku boma ikulipiridwa? Zatsala zaka zingati kuti liziyo ithe? Loya ameneyo akhale wosankha inu, osati wobwera ndi wogulitsa kapena dobadoba. Inde amadula, koma amadula kuposa poloti yotayika? Kenaka saveya wovomerezeka akapeze mabikoni, eni minda yoyandikana ali pomwepo. Malire onena kuti kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu ndi omwe aja anasaukitsa makolo athu. Mango amadulidwa, chulu amaumbira njerwa.

Za ndalama ndinene mosabisa, ngakhale ena mundida. Musatumize zonse kamodzi, ndipo musatumize kwa m'bale kuti iye akapereke pamanja. Lipirani mwachigawochigawo ku akaunti ya banki ya wogulitsa, chigawo chomaliza pamene mapepala asinthidwa dzina. Ngati simungabwere kudzasaina nokha, lembani chikalata chopatsa munthu mphamvu yokuimirani, chosainidwa pamaso pa loya kapena ku ofesi ya kazembe, ndipo chinene za malo amenewo okha, kuti akugulireni, osati kuti angathenso kugulitsa. Ambiri amalemba dzina la mchemwali kapena mchimwene pa chikalata ati kuti zifulumire. Pamaso pa khoti malowo ndi a amene dzina lake lalembedwa, ndipo iye akamwalira amalowa m'chuma cha masiye cha ana ake. Malisiti a Mukuru sungani, koma okha sangakubwezereni nthaka.

Mukagula musangosiya tchire. Lizi imakhala ndi nthawi yoti mukhale mutatukula malowo, ndipo boma lili ndi mphamvu yolanda malo ongokhala. Kumudzi nakonso, m'boma lopanikizana ngati lino, munda wogonera zaka zitatu anthu amayamba kuulowa mzere umodzi chaka chilichonse. Dzalani mitengo m'malire, ikanipo munthu wolima mwa pangano lolemba, losainidwa chaka ndi chaka.

Ndipo malowo akaonedwe m'dzinja, osati mu Ogasiti pamene paliponse pali pouma. Malo otchipa m'tsinde mwa phiri amakhala ndi chifukwa chake. Ena ali m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje, yomwe malire ake anaikidwa mu 1927, ndipo amenewo palibe mfumu ingakugulitseni. Ena ali m'njira ya madzi. Napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anatsitsa miyala yaikulu ngati nyumba m'makwawa amene anthu ankati ndi timitsinje chabe. Munthu wanu akapeza miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee pa poloti, afunse agogo a pamudzipo kuti inafika bwanji pamenepo, ndipo inafika chaka chanji.