Kodi nkhani ya apamwamba ndi apansi inathadi?

Masiku ano timamva kawirikawiri kuti kugawa anthu m'magulu a apamwamba ndi apansi ndi maganizo achikale, poti aliyense wolimbikira akhoza kutukuka. Ena amawonjezerapo mwambi uja woti khasu liposa mako ndi tate. Kulimbikira nkofunika ndithu, koma mbiri ya kafukufuku wa kakhalidwe ka anthu ikusonyeza kuti khomo limene munthu wabadwira ndi ntchito imene akugwira zimamutsata mpaka kumanda.

Nkhaniyi inayamba kumveka kwambiri ku Ulaya mafakitale atachuluka. Mu 1848, Karl Marx ndi Friedrich Engels analemba kuti anthu agawika pawiri, eni mafakitale ndi ogulitsa thukuta lawo. Max Weber, yemwe anamwalira mu 1920, anawonjezera kuti ulemu umene munthu amapatsidwa komanso mphamvu zake pa ndale nazo zimamukweza kapena kumutsitsa. Kuno kwathu makolo ankazidziwa izi popanda buku, pogwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Cholakwika chinadza khoma la Berlin litagwa mu 1989. Ambiri anayamba kuona ngati kukamba za magulu a anthu ndi kutsatira chikomyunizimu, ndipo mu 1996 akatswiri awiri a ku Australia anafika potulutsa buku lonena kuti magulu aja anafa. Chomwe chinatha ndi chidwi cha ofufuza, koma kusiyana kwa anthu kunali pomwepo.

Umboni wake unalipo kale. Mu 1967 madokotala a ku London anayamba kutsatira moyo wa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma. Onsewo anali pa ntchito yolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo onse anali ndi mwayi wa chipatala chaulere. Patatha zaka khumi, kunapezeka kuti amesenjala ndi olondera pakhomo ankamwalira mochuluka katatu poyerekeza ndi mabwana a m'maofesi apamwamba. Chodabwitsa chinali chakuti imfa zinkawonjezeka pa sitepe iliyonse yotsika: wachiwiri kwa bwana ankafa msanga kuposa bwana, kalaliki msanga kuposa wachiwiriyo. Ena anati vuto ndi fodya ndi kuthamanga kwa magazi, koma atawerengera zimenezo, kusiyana kwakukulu kunatsalabe. Kafukufuku wachiwiri, yemwe anayamba mu 1985 ndi amuna ndi akazi oposa 10,000, anapeza kuti munthu wongolamulidwa, wopanda chonena pa ntchito yake, amadwala mtima kawirikawiri.

Wina anganene kuti izo ndi za ku Ulaya, kuno timagawana chochepa chomwe tili nacho, ndipo chotisiyanitsa ndi mtundu, chigawo, kapena kukhala mwamuna ndi mkazi. Zimenezo zili ndi mbali yake, koma pitani kumudzi mu Januwale. Mayi amene nkhokwe yake inatha mu Okutobala amalawirira kukapalira m'munda mwa mnzake wopeza bwino, madzulo n'kubwera ndi kambale ka chimanga kapena gaga. Pamene iye ali pa ganyu, udzu ukumeza chimanga chake, ndipo chaka chamawa adzakololanso zochepa. Mwana wake amajomba kusukulu chifukwa cha njala, pamene wa mwini munda uja ali m'kalasi. Mayiyo ndi mwini munda uja ndi a mtundu umodzi, mudzi umodzi, mwinanso mpingo umodzi, ndipo amene akugwira khasu kwambiri ndi wosaukayo.

Choncho ofufuza athu m'mayunivesite asachite manyazi kufunsa mafunso akale aja: munda ndi wa yani, akulima ndani, phindu likupita kwa yani, ndipo ana a yani akufika ku sekondale? Tikasiya kufunsa, tidzapitiriza kunena mayi uja kuti ndi waulesi pamene iye ndi amene akudzaza nkhokwe ya mnzake.