Mapapo

Mapapo ndi ziwalo ziwiri zofewa zopumira, zomwe zili m'chifuwa motetezedwa ndi nthiti. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, koma lakumanzere lili ndi ziwiri chifukwa limasiyira malo mtima.

Mpweya umalowera m'mphuno, momwe umafunda ndi kusefedwa fumbi, kenaka n'kutsika ndi kholingo. Kholingo limagawika pawiri, ndipo njirazo zimangogawikagawika ngati nthambi za mtengo mpaka kukathera m'timatumba tating'onoting'ono tokwana mamiliyoni mazanamazana. Apa ndiye pagona ntchito yonse. Khungu la timatumbati ndi lopyapyala modabwitsa, kotero okosijeni amadutsa kulowa m'magazi, mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi n'kutulukamo.

Mapapo sakoka mpweya paokha. Mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba ukatsika, chifuwa chimakula, mpweya n'kulowa. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi.

Utsi wa fodya umawononga tiubweya ta m'njira za mpweya tomwe timakankhira makhololo kunja. Wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo sitiyenera kuuderera, chifukwa umachititsa kuti ana agwidwe chibayo mosavuta. Matenda ena ofala a mapapo ndi chifuwa chachikulu ndi mphumu.