Lucius Banda ndi cimbale cawo coyamba

Ngati mumamvera nyimbo za ku Malawi, dzina la malemu Lucius Banda si lacilendo kwa inu. Ambiri ankangowachula kuti Soja. Nkhani ino ikufotokozerani za cimbale cawo coyamba, Son of a Poor Man. Dzinali ndi la Cingelezi, ndipo likutanthauza kuti mwana wa munthu wosauka. Paja cimbale ndi nyimbo zingapo za woyimba mmodzi zoikidwa pamodzi. Masiku amenewo zinkagulitsidwa pa kaseti.

Kumene anacokera

A Lucius anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka. Anayamba kuyimba ali mwana mu Alleluya Band, gulu la Akatolika limene ankatsogolera acimwene awo, a Paul Banda. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kupeka nyimbo ndi kuyimba pamaso pa anthu. Mu 1993 anapita ku Johannesburg, ku South Africa, kukaphunzira za nyimbo pa Dorkay House. Ali konko anajambula cimbaleci mu situdiyo ya Shandel, mothandizidwa ndi George Arigone wa ku Argentina. Mmodzi mwa oyimba othandizira anali Deborah Fraser, amene pambuyo pake anachuka ndi nyimbo zauzimu. Cimbale cinatuluka mu 1994.

Nyimbo zofatsa, mawu olasa

Mukamvera nyimbozi, muona kuti si zaphokoso ayi. Zimayenda pang'onopang'ono, mwa kayimbidwe ka reggae, ndipo gitala ndi kiyibodi siziphimba mawu. Zina ndi za m'Cicewa, zina za m'Cingelezi. Mwa nyimbo zimene anthu anazikonda muli Mabala ndi Linda. Mabala imakamba za zowawa zimene anthu anaziona mu ulamuliro wa cipani cimodzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa zaka 30 dziko la Malawi linali m'manja mwa Kamuzu Banda, ndipo wodzudzula boma ankatha kumangidwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota kuti akufuna zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 anasankha Bakili Muluzi kukhala pulezidenti. Ndiye taganizani, anthu angoyamba kumene kumasuka pakamwa, kenako akumva mnyamata wa kumudzi akuyimba poyera zimene iwo ankangonong'onezana. N'cifukwa cake ambiri anati woyimbayu ndi wathu.

Kuchuka kumayezedwa bwanji?

M'mayiko ena muli mndandanda wa nyimbo zimene zikugulidwa ndi kumvedwa kwambiri. Ku America muli wochedwa Billboard, umene umatuluka mlungu uliwonse. Nyimbo ikakhala pa nambala 1, ndiye kuti yaposa zonse. Ku Malawi, mu 1994, wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Kuchuka kwa woyimba kunkaonekera pa makaseti amene agulidwa, pa nyimbo zimene zikumveka m'misika ndi m'mabasi, komanso pa unyinji wa anthu obwera kudzamuona akuyimba. Pa muyezo umenewu, Son of a Poor Man cinapambana ndithu, ndipo cinatsegula njira. Mu 1995 kunatuluka Down Babylon, mu 1996 Cease Fire, ndipo mu 1997 a Lucius anayambitsa gulu lawolawo, Zembani Band.

Nanga ife kuno?

Zaka zomwezo ifenso tinali pa kusintha. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu Okutobala 1994 tinavota koyamba pa cisankho ca zipani zambiri. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira nkhondo ku Malawi, ambiri a iwo ocokera m'cigawo cathu ca Tete. Enanso anathawira ku Zambia, monga ku Ukwimi, kumene pa nthawiyo kunali m'boma la Petauke. Conco munthu wa ku Fingoé kapena kwina kulikonse ku Marávia safunika womumasulira nyimbo yonena za mabala. Cinenero n'cimodzi, ndipo zowawazo amazidziwa.

A Lucius anakhalakonso phungu wa nyumba ya malamulo ku Balaka. Anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ali ndi zaka 53. Mukadzamva Mabala pa wailesi kapena pa foni, cherani khutu ku mawu ake, ndipo mufunse akuluakulu a kwanu zimene nyimboyi ikuwakumbutsa.