Kasupe wa ku Germany, eni ake akutali

Mlimi aliyense amadziwa kuwawa kwake kogula munda n'kupeza kuti mbeu zikukana. Izi zinamuonekera Georg Kreuzberg, wamalonda a vinyo wa m'chigwa cha mtsinje wa Ahr ku Germany. Mkuluyu anagula munda pamtengo wozizira, koma mpesa umene anabzalamo unkangofota. Atakumba kuti aone chikuvuta n'chiyani, m'chaka cha 1852 anapeza kasupe wa madzi ochita timathovu. Chinkapha mpesa uja ndi mpweya wochokera m'madziwo.

Tsoka lija linasanduka mwayi. Kreuzberg anayamba kugulitsa madziwo, nawatcha Apollinaris, dzina la woyera amene alimi a mpesa amamutenga ngati nkhoswe yawo.

Koma chuma chikatuluka pansi sichisowa alendo. Mu 1873 ku London kunakhazikitsidwa kampani yogulitsa madziwa kunja kwa Germany, ndipo m'kupita kwa nthawi malonda onse anagwera m'manja mwa Angerezi. Botolo la chizindikiro chofiira cha ngodya zitatu linafika m'mahotela apamwamba a ku Ulaya ndi ku Amereka, anthu n'kumati iyi ndiyo mfumukazi ya madzi a patebulo.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Hitler linatenga kampaniyi ngati katundu wa adani, ndipo inayendetsedwa ndi gulu lankhanza lija la SS, limenenso linkayang'anira misasa yopherako anthu. Apa ndiye pamene mbiri ya madzi oyerawa inada.

Nkhondo itatha, m'zaka za m'ma 1950, umwini unapita kwa ofulula mowa a Dortmunder Union. Kenaka anadza a Cadbury Schweppes, nawonso n'kugulitsa kwa a Coca-Cola mu 2006. Mu 2021 eni atsopanowa anachotsa Apollinaris m'masitolo, n'kusiya kuti azipezeka m'mahotela ndi m'malo odyera basi. Ena mwa ogwira ntchito pakasupepo ntchito inawathera pomwepo.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Zoonadi, kasupe uja sanasunthe pa Bad Neuenahr kuyambira 1852. Chimene chakhala chikuyendayenda ndi dzina, pamodzi ndi phindu lake. Tsono mwini madziwa ndani: amene amakhala pamwamba pa kasupe, kapena amene ali ndi pepala mu ofesi yakutali?