Mbiri ya Luso Lokonza Nkhani Kuti Zipezeke pa Intaneti

Luso lokonza nkhani za pa intaneti kuti anthu ofufuza azizipeza msanga, limene akadaulo amalitchula kuti search engine optimization, kapena mwachidule SEO, linakula ku United States m'zaka za m'ma 1990, pamene masamba a pa intaneti anachuluka zedi moti munthu sakanathanso kupeza chimene akufuna popanda makina ofufuzira, amene ndi mapulogalamu a kompyuta oyendayenda m'masambawo, n'kumasunga zimene apeza m'kaundula ndi kuzindandalika munthu akafunsa. Kuyambira nthawi imeneyo mlembi anakhala ndi owerenga awiri, munthu ndi makina, ndipo popeza munthuyo safika pa nkhani imene makina aikankhira pansi, mbiri ya lusoli yakhala ya kulimbana pakati pa eni makina, amene amafunafuna chizindikiro chodalirika cha nkhani yabwino, ndi eni masamba, amene akangochidziwa chizindikirocho amachipanga mwadala mpaka chimasiya kusonyeza kanthu.

Kulimbirana malo apamwamba pamndandanda kunayamba kale, kompyuta zisanabwere. M'mabuku a manambala a foni a amalonda, amene ku America anayamba kusindikizidwa m'zaka za m'ma 1880, makampani ankalembedwa motsatira zilembo, ndipo okonza mipope ndi eni matakisi ena ankadzipatsa mayina oyamba ndi zilembo A zingapo zondondozana n'cholinga choti wofuna thandizo awaone iwo poyamba. Intaneti inangokulitsa mchitidwewu, chifukwa mndandanda wake unali wautali kopanda malire, pamene owerenga ambiri sapitirira tsamba loyamba la zotsatira.

Makina oyambirira sankaona patali. Archie, amene Alan Emtage anapanga m'chaka cha 1990 ali pa yunivesite ya McGill ku Montreal, ankasunga mayina a mafayilo okha osawerenga za m'kati mwake, pamene Yahoo, imene Jerry Yang ndi David Filo anayambitsa mu 1994 ali pa yunivesite ya Stanford, inali mndandanda wosanjidwa ndi anthu, amene ankayamba aliona tsamba asanaliike m'gulu loyenera. Zinthu zinasintha atafika WebCrawler mu 1994 ndi AltaVista mu Disembala 1995, amene ankawerenga mawu onse a patsamba ndipo, mwa zina, ankaona tsamba lobwereza kwambiri mawu amene munthu wafufuza ngati loyenera kukhala pamwamba. Makinawa ankakhulupiriranso zimene mwini tsamba walemba m'malo ena obisika, otchedwa meta keywords, m'mene iye yekha ankanena mitu imene tsamba lake likukamba.

Zotsatira zake sizinachedwe kuoneka. Munthu wotsegula tsamba la kampani yogulitsa matikiti a ndege cha m'ma 1997 ankatha kuona ndime ziwiri kapena zitatu pamwamba, kenako danga lalitali loyera kumunsi kwake, koma akakoka mausi padangalo ngati akufuna kukopera mawu, pankatulukira mizere yambirimbiri yobwereza mawu onena za matikiti otsika mtengo pamodzi ndi mayina a oimba otchuka amene sankakhudzana n'komwe ndi malondawo, zonsezo zitalembedwa ndi zilembo zoyera pamalo oyera kuti munthu asazione koma makina aziwerenge. Umu ndi mmene amachitira wogulitsa mbewu wosakhulupirika, amene amathira mchenga m'thumba akadziwa kuti wogula amangoyang'ana sikelo. Pa nthawi yomweyo panabukanso alangizi oona mtima ophunzitsa eni masamba kupereka mitu yomveka ndi kusanja nkhani mwadongosolo, ndipo mmodzi wa iwo anali Danny Sullivan, yemwe kale anali mtolankhani, amene mu 1996 anafalitsa malangizo a mmene makinawa amagwirira ntchito, ndipo mu 1997 anayambitsa tsamba la Search Engine Watch. Dzina loti SEO linayamba kumveka cha m'nthawi imeneyi, ndipo kuyambira pachiyambi pomwe linkaphatikiza ntchito ziwiri zosiyana, yothandiza makina kumvetsa nkhani ndi yowapusitsa.

Larry Page ndi Sergey Brin, amenenso anali ophunzira pa Stanford, anabwera ndi chizindikiro chimene chinkaoneka chovuta kuchinamiza, ndipo anachifotokoza m'chikalata cha kafukufuku chimene anatulutsa mu 1998, chaka chomwe anakhazikitsa kampani ya Google. Njira yawo, yotchedwa PageRank, inatengera nzeru ya akatswiri oyeza kufunika kwa zolemba za sayansi, monga Eugene Garfield, amene ankawerenga kuchuluka kwa akatswiri ena otchula cholembedwa china m'mabuku awo. Pa intaneti kutchulana kumeneku kumachitika ndi malinki, amene ndi mawu kapena zithunzi zimene munthu akadina zimamufikitsa patsamba lina, ndipo Page ndi Brin anawerenga linki iliyonse ngati voti, voti yochokera kutsamba lotchulidwa ndi ambiri n'kukhala yolemera kuposa yochokera kutsamba losadziwika. Ubwino wa njirayi unali wakuti tsamba silinkadzichitiranso umboni lokha, popeza mboni zake zinali anthu ena.

Komatu mboni nazo zimagulidwa. Mu 2000 Google inatulutsa kachipangizo koika pa pulogalamu yotsegulira intaneti kamene kankaonetsa mphamvu ya tsamba lililonse pa muyeso woyambira 0 kufika 10, ndipo mosayembekezera inapereka kwa amalonda njira yoikira mtengo pa malinki. Panabadwa msika wogulitsa malinki, panamangidwa masamba ambirimbiri opanda owerenga amene ntchito yawo inali kungolozerana okhaokha, ndipo malo alionse amene mlendo ankaloledwa kulembapo anadzaza ndi malinki a otsatsa malonda. Google inayamba kusintha kawerengedwe kake pafupipafupi, ndipo kusintha kwa mu Novembala 2003, kumene anthu anakupatsa dzina loti Florida, kunagwetsa masamba a amalonda ambiri nyengo ya malonda a Khirisimasi itayandikira. Mu Januwale 2005 Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana pa chizindikiro chotchedwa nofollow, chouza makina kuti linki ina isawerengedwe ngati voti. Makampani akuluakulu nawo anagwa m'mbuna yomweyi: mu Febuluwale 2006 tsamba la ku Germany la kampani ya magalimoto ya BMW linachotsedwa kwa masiku angapo m'kaundula wa Google chifukwa choonetsa makina mawu osiyana ndi amene anthu ankaona, ndipo mu Febuluwale 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo za J. C. Penney zinkatsogola pa zofufuza zambiri chifukwa cha malinki ochuluka oikidwa pamasamba osakhudzana ndi malonda ake, ngakhale kampaniyo inanena kuti sinkadziwa za mchitidwewo.

Chimene chinakhudza kwambiri ntchito ya alembi, komabe, chinali ndalama za otsatsa malonda. Google inayamba kugulitsa malo otsatsira malonda pambali pa zotsatira zake mu 2000, ndipo mu 2003 inatsegula AdSense, njira imene mwini tsamba aliyense ankalola zotsatsa malonda kuonekera pambali pa nkhani zake n'kumalandira gawo la ndalama wowerenga akadina. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense wofika patsamba anakhala ndi mtengo, ndipo nyuzipepala zinayamba kusintha kalembedwe ka mitu ya nkhani. Mutu wamwambi kapena wanthabwala, umene pa pepala unkakopa maso chifukwa chithunzi chinali pambali pake kuutanthauzira, unali wopanda ntchito kwa makina, motero akonzi anaphunzira kuika dzina la munthu, malo ndi chochitika kumayambiriro kwa mutu, ndipo ena ankalemba mitu iwiri, wina wa papepala ndi wina wa pa intaneti. Steve Lohr analemba za kusinthaku mu New York Times mu Epulo 2006.

Kampani ya Demand Media, imene inakhazikitsidwa mu 2006 ndipo inali mwini tsamba la eHow, ndiyo inafika pamapeto penipeni pa njirayi, chifukwa inalanda mkonzi udindo wosankha nkhani n'kuupereka kwa kompyuta. Pulogalamu yake inkasanthula zimene anthu akufufuza, ndalama zimene otsatsa malonda angalipire pa mawuwo ndi kuchuluka kwa masamba opikisana nawo, kenako inkatulutsa mitu imene inkaoneka yopindulitsa, monga ya kachotsedwe ka dontho pa nsalu kapena kakonzedwe ka mpope wodontha. Mlembi waganyu ankasankha mutu pamndandandawo, n'kulemba ndime zochepa pa malipiro a madola pafupifupi 15, ndipo kuti apeze zokwanira pa tsiku ankayenera kumaliza nkhani zingapo, kawirikawiri pa mitu imene sankaidziwa bwino. Kampaniyi itayamba kugulitsa masheya ake mu Januwale 2011 mtengo wake unaposa madola biliyoni imodzi, koma mwezi wotsatira Google inabweretsa kusintha kotchedwa Panda, kumene kunakhudza pafupifupi 12 peresenti ya zofufuza za ku United States ndi kutsitsa masamba a nkhani zapamwambamwamba, ndipo pasanapite miyezi yambiri eHow nayo inataya owerenga ochuluka.

M'zaka zotsatira makina anayamba kuyandikira kawerengedwe ka munthu. Kusintha kotchedwa Penguin mu Epulo 2012 kunalanga malinki ogulidwa, kwa Hummingbird mu 2013 ndi kwa BERT mu 2019 kunathandiza makina kumva tanthauzo la funso lonse m'malo mongofananiza mawu, ndipo kuyambira mu 2015 masamba owerengeka bwino pa foni anayamba kukondedwa pa zofufuza za pa foni. Malangizo a akadaulo anasinthanso, moti ambiri anafanana ndi amene mkonzi wabwino wakhala akupereka kuyambira kale: kuyankha funso la wowerenga kumayambiriro kwa nkhani, kugawa nkhani yaitali ndi timitu, kusonyeza wolemba ndi kumene mfundo zachokera, ndiponso kukonzanso nkhani zakale zikatha ntchito. Mu 2017 Danny Sullivan, amene kwa zaka zoposa 20 ankafotokozera eni masamba za makinawa ali kunja, analembedwa ntchito ndi Google yomweyo kuti aziilankhulira kwa anthu.

Ngakhale zinali choncho, ntchito yonseyi inatsamira pa pangano losalembedwa, lakuti eni masamba alole makina kuwerenga nkhani zawo kwaulere ndipo makinawo aziwatumizira owerenga, ndipo mbali imodzi ya panganoli inali ndi mphamvu zoposa inzake, popeza Google imalandira pafupifupi 90 peresenti ya zofufuza zonse padziko, ndipo mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta wa khothi la ku Washington anagamula kuti kampaniyi inaphangira msikawu mophwanya malamulo. Mapulogalamu olemba okha nkhani, amene anafala ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, agwedeza panganoli mbali zonse ziwiri, chifukwa atsitsa mtengo wa nkhani yapamwambamwamba kuchoka pa madola 15 kufika pafupifupi pa ulere, komanso alola Google, kuyambira mu Meyi 2024 ku United States, kuika pamwamba pa zotsatira yankho lolembedwa ndi makina kuchokera m'nkhani za ena, zimene zimachititsa wofufuza wina kukhutira asanatsegule tsamba lililonse. N'chifukwa chake ofalitsa nkhani ambiri tsopano akulimbikira kupeza owerenga olipira mwezi ndi mwezi ndi olandira nkhani mwachindunji pa imelo kapena pa foni, pamene akadaulo a SEO ayamba kale kuphunzira zizindikiro zimene mapulogalamu atsopanowa amayang'ana posankha nkhani zoti atchule m'mayankho awo.