Kalembera wa Mbalame wa pa Khirisimasi: Chiyambi Chake ndi Kufunika kwa Kulemba Maola

Kodi munthu wamba, wopanda maphunziro a ukachenjede, angathandize bwanji akatswiri a sayansi? Yankho lina tikulipeza mu kalembera wa mbalame wotchedwa Christmas Bird Count, amene amachitika chaka ndi chaka ku America ndi ku Canada, komanso m'mayiko ena oyandikana nawo.

Chiyambi chake

Kale ku America kunali mwambo woti pa tsiku la Khirisimasi alenje ankagawana m'magulu ndi kupikisana kuti aone gulu limene liphe mbalame ndi nyama zochuluka. Poona kuti mbalame zikutha, katswiri wina wa ku New York, Frank Chapman, anapempha anthu kuti m'malo mozipha aziziwerenga. Pa 25 Disembala 1900, anthu 27 anawerenga mbalame m'malo 25, kuyambira ku Toronto mpaka ku California, ndipo anapeza mitundu pafupifupi 90. Lero ntchitoyi imayendetsedwa ndi bungwe la National Audubon Society, mothandizana ndi la Birds Canada.

Kayendetsedwe kake

Kalemberayu amachitika pakati pa 14 Disembala ndi 5 Januwale. Dera lililonse ndi lozungulira, lotambalala makilomita 24, ndipo limawerengedwa tsiku limodzi lokha. Anthu odzipereka amagawidwa m'timagulu, ndipo wongoyamba kumene amayenda ndi wodziwa bwino mbalame. Amalemba mbalame iliyonse imene aiona kapena kuimva kulira. Mkulu wa dera ndiye amasonkhanitsa zonse ndi kuzitumiza ku bungwe. Kuyambira mu 2012, palibe ndalama imene munthu amalipira kuti atenge nawo mbali.

Chifukwa cholembera maola

Kagulu kalikonse kamalembanso maola amene kagwira ntchito ndi mtunda umene kayenda, kaya wapansi, pa galimoto kapena pa bwato. Maola a usiku, ofufuza akadzidzi, amalembedwa padera. Anthu asanu akayenda pamodzi maola anayi, amalemba maola anayi, osati 20.

Tiyerekeze kuti chaka china apeza mbalame 200 m'maola 10, ndipo chaka chotsatira apeza 300 m'maola 30. Tikangoyang'ana chiwerengero tinganene kuti mbalame zachuluka, chonsecho pa ola limodzi zatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10. Choncho wowonjezera maola monama, ngakhale wongoiwala kuwalemba, amasocheretsa onse odalira kaundulayu.

Phindu lake

Mu 2009 bungwe la Audubon linalengeza kuti mwa mitundu 305 imene linaunika, yoposa theka inali itasunthira chakumpoto m'zaka 40, pamene nyengo yozizira inkafunda. Palibe katswiri mmodzi akanatha kuziona yekha zimenezi. Tikuzidziwa chifukwa anthu wamba zikwizikwi analemba mokhulupirika zimene anaona ndi nthawi imene anataya pozifufuza.